Kuchokera pa chitupa mpaka pa viza: mbiri ya pepala lopitira kunja kukagwira ntchito

 Lero sindikamba za mtengo wa chigoba cha usipa kapena za mwera umene wagoneka maboti sabata yonseyi. Nkhani ndi ya viza ya ntchito, chifukwa mafunso andichulukira kumbali. Wina akuti wapeza mwayi wa ku Israel, wina mlongo wake akuitanidwa ku UK, wina akufunsa ngati masiku 30 amene amadinda ku Beitbridge angasanduke pepala la ntchito. Onse akufunsa ngati kuti pepalali labwera dzana. Ayi ndithu. Ife a m'mbali mwa nyanja takhala tikulimbana nalo kwa zaka zoposa 100, limangosintha dzina ndi chidindo. Uthengawu ndi wautali, thirani tiyi kaye.

Chimene chinayamba kuchotsa amuna pagombe ndi msonkho. Angerezi atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwawo, Harry Johnston anakhazikitsa msonkho wa nyumba. Nsomba zinalipo zankhaninkhani, utaka wouma tinkasinthanitsa ndi chimanga cha anthu akumtunda, koma mesenjala wa boma sankalandira utaka. Ankafuna ndalama. M'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje malipiro anali ochepa, kuwonjezera apo thangata. Kumwera, ku migodi ya Rhodesia ndi ya ku Joni, thukuta lomwelo linkalipira kangapo kuposa kuno. Nanga munthu akanatani?

Oyamba kutchuka pa maulendowa anali anzathu Atonga a ku Nkhata Bay, amene anali atazolowera kale ntchito ya ku Mandala, ndipo sukulu ya mishoni inawafikira msanga ku Bandawe mu 1881. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe komweko, anachoka mu 1915, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, limene linagwedeza South Africa yense. Kamuzu naye ali mnyamata anayenda wapansi kuchoka ku Kasungu mpaka ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, kenako n'kukagwira ntchito pa mgodi ku Boksburg. Palibe mwa awiriwa amene anaimapo pamzere pa ofesi ya kazembe asananyamuke. Kuyenda kotereku, kopanda wokulemba ntchito, akuluakulu ankati selufu. Unkamanga ufa ndi nsomba zouma, n'kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulowera ku Mutoko mpaka ku Halale, panjira ukuopa mikango ndi anthu ogwira anzawo kukawagulitsa ku chibalo.

Pepala linkawadikira kutsogolo. Mu Southern Rhodesia mwamuna aliyense wakuda ankayenera kukhala ndi chitupa. Pa chitupapo pankalembedwa dzina lako, mfumu yako, boma lako, ndiponso dzina la bwana amene ukumugwirira ntchito ndi malipiro ako. Bwanayo akapanda kusaina kuti wakumasula, sukanapita kwa bwana wina. Ukathawa, unali mlandu wa kupolisi. Ndiye chitupa sichinali chilolezo chokhala m'dzikomo basi, chinali chingwe chokumangirira kwa munthu mmodzi. Mfundo imeneyi muisunge, muiona ikubweranso itavala suti.

Ku Joni kunali bungwe la eni migodi lolemba anthu ntchito, Witwatersrand Native Labour Association. Ife lilime linakana, tinangoti Wenela. Linayamba kutenga anthu kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma anthu a kwathu kotentha kuno ankafa kwambiri ndi chibayo m'nyengo yozizira ya kumeneko. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa 22 wa pamapu, umene ukudutsa chakufupi ndi Beitbridge. Nyasaland yense anagwera mbali yoletsedwa. Kodi anthu anasiya kupita? Sanasiye. Ena ankagula mapasi a Chipwitikizi n'kumadzitcha anthu a ku Mozambique, dzina n'kusintha. Ena ankathera m'mafamu a ku Transvaal, kumene mlimi ankadziwa kuti munthuyu alibe pepala, ndiye ankamulipira zimene wafuna. Munthu amene wasintha dzina, akafa uthenga sufika kumudzi. Ambiri mwa amene timawatcha matchona anasowa motero, osati chifukwa choiwala kwawo ayi, koma pepala limene anali nalo linali la munthu amene kumudzi sakumudziwa.

Pofika 1935 boma la atsamunda linachita mantha, linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey. Komitiyo inapeza kuti anthu a Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja, midzi ina kumpoto yatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Mu 1936 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja anasainirana pangano ku Salisbury loyendetsera ulendo wa anthu apantchito. Munthu azinyamuka ndi chiphaso chomuzindikiritsa chochokera kwa bwana DC, ndipo pakhale njira yoti ndalama zina zizifika kumudzi. Apa ndi pamene pepala linasamuka. Kale linkakudikira kutsogolo, tsopano unayenera kulitenga usananyamuke. Mzere wa pa ofesi ya kazembe umene mukuimapo lero unayambira pakhonde la bwana DC.

Kuchokera pamenepo olemba ntchito anayamba kutilimbirana. Rhodesia inaika malole onyamula anthu mwaulere, dzina lake linangokhala Ulere. Kunabweranso Mthandizi, wolemba anthu opita ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia. Wenela nayo inaloledwa kubwerera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo inamanga madepoti m'maboma. Inu amene mumakwera basi pa Wenela mu Blantyre, dzinalo linachokera kumeneko.

Agogo anga aamuna anapita kawiri pa Wenela, ndipo mmene ankafotokozera zinali chonchi. Ukafika pa depoti ankakuvula malaya, n'kukukweza pa sikelo. Wopepuka ankabwezedwa, moti anyamata ena ankamwa madzi mpaka mimba kuti ndii asanakwere pa sikelopo. Dokotala ankakumvetsera chifuwa. Kalaliki ankawerenga kontirakiti mothamanga, iwe n'kudinda chala pa pepala loti sukutha kuliwerenga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Wenela inali ndi ndege zake, ndiye mnyamata amene anangodziwa nkhafi ndi bwato ankapezeka ali m'mwamba kuchoka pa Chileka kupita ku Francistown, kuchoka apo pa sitima ya pamtunda mpaka pa depoti yaikulu ya ku Johannesburg imene ankaitcha Mzilikazi. Kumeneko ankakupimanso, kukujambula chifuwa, n'kukupatsa nambala. Pa mgodi ankakulowetsa m'chipinda chotentha kuti uzikwera ndi kutsika pa sitepe kwa maola, aone ngati ungapirire kutentha kwa pansi. Ankakuphunzitsa Fanakalo kuti uzimva kapitawo akamakuwa. Sunkasankha mgodi, sunkapita ndi mkazi, ndipo kontirakiti ikatha unkabwezedwa kumene anakutenga.

Koma tamverani ichi. Pa ulendo wonsewo agogo sanatulutse ngakhale kobiri pa depoti. Dokotala, pepala, ndege, chakudya cha panjira, zonse ankakonza ndi olemba ntchito, chifukwa iwowo ndi amene ankatifuna. Ndipo gawo lalikulu la malipiro linkasungidwa kuti ukalandirire kuno kumudzi. Boma linkakonda dongosolo limeneli chifukwa linkabweretsa ndalama zakunja, eni migodi ankalikonda chifukwa linkakukokera kwanu. Kwa ife a kunyanja linasintha usodzi. Kale ukonde unkalukidwa ndi chopwa, kenako anthu anayamba kusolola ulusi wa m'matayala akutha. Maukonde a nailoni atafika m'zaka za m'ma 1950 ankafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, ndipo amene anali nayo ndi munthu wotsika ndege ya Wenela. Anthu amakumbukira njinga, bulangete ndi gumbagumba, koma m'madoko ambiri chilimira choyamba ndi injini yoyamba zinagulidwa ndi ndalama ya mgodi. Bambo anga anaphunzira usiginala pa chilimira chotero, ndipo fizi yanga inachokera m'menemo. Ndiye ine sindinganyoze ulendo wa kunja. Chimene ndinganene n'chakuti agogo anabwera ndi ukonde, anabweranso ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku lowaika.

Titalandira ufulu, Kamuzu anachita zimene atsogoleri ena a mu Africa anakana. Mu 1967 anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo Wenela inakula kuposa kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Ndiye pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweretsa anthu kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown. Mafuta amene anathiramo anali osakanikirana ndi a mtundu wina wa ndege. Anthu 78 anafa, oposa 70 mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza kontirakiti, katundu wa ana ali m'mabokosi. Kamuzu anaimitsa Wenela nthawi yomweyo, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anthu anabwerera chiunyinji. Ena amati chinali chisoni, ena amati minda ya fodya imene inkatsegulidwa nthawi imeneyo ku Kasungu ndi ku Mchinji inkafuna manja. Ine ndimati zonse ziwiri. Mnyamata wa pagombe amene anali atakonzeka kukwera sikelo sanafunsidwe maganizo ake.

Mu 1977 khomo linatsegukanso pang'ono, dzina litasintha kukhala TEBA, ife n'kumati Theba, koma otengedwa anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Kenako mu 1988 South Africa inafuna kuti aliyense wochokera kuno aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe. Boma la Malawi linakana, kulemba kunaima, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa. Njira imene inayenda zaka zambirimbiri inatsekedwa ndi nkhani ya pepala la dokotala, ngakhale ambiri amaona kuti migodi inali itayamba kale kuchepetsa anthu akunja ndipo inangopezerapo chifukwa.

Chiyambireni 1994, maboma atasintha kuno ndi ku Joni komwe, tinabwerera ku selufu, kungoti tsopano ndi pa basi. Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, msewu womwe uja agogo a agogo anayenda wapansi. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza n'kudindiridwa masiku 30 okacheza. Okacheza, abale, osati ogwira ntchito. Masikuwo akatha umasanduka uja wa m'mafamu a Transvaal: bwana akudziwa kuti ulibe pepala, iwenso ukudziwa kuti akudziwa. Ukagwidwa ndi ulendo wa ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira kubwezedwa. Malamulo a 2014 anamanga zinthu kwambiri. Wopitirira masiku amalembedwa kuti ndi wosafunika ndipo amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, komanso munthu wamba amene analowa ngati mlendo sangasinthe pepala lake kukhala la ntchito ali komweko. Ayenera kubwerera kwawo kukapempha kuno. Ndiye achimwene amene munafunsa za masiku 30, yankho ndi limenelo, ndipo amene akukuuzani kuti ali ndi munthu wamkati amene angakudindireni akukugulitsani mlandu.

Tsopano tiyeni pa ofesi ya kazembe ku Lilongwe, tione zimene amafuna kwa munthu wopempha viza ya ntchito. Pasipoti, imeneyo ndi chiphaso cha bwana DC chija. Kalata ya kupolisi yoti ulibe mlandu. Zala zonse khumi pa makina, pamene agogo ankadinda chimodzi pa inki. Pepala la dokotala: wopita ku UK kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi kuchokera kuno amayenera kuyezedwa TB, ndiye chifuwa chomwe chija ankamvetsera pa depoti. Mayeso a Chingerezi m'malo mwa sikelo. Ndipo pamwamba pa zonse, umboni woti pali bwana amene akukufuna. Ku UK umenewu amautcha Certificate of Sponsorship, ndi nambala imene kampani yololedwa ndi boma imatulutsa m'dzina lako. Ku South Africa, pa viza wamba ya ntchito, masatifiketi ako amakapimidwa ku SAQA. Popanda bwana palibe viza.

Apa ndi pamene chitupa chabwera chitavala suti. Viza ya ntchito imalembedwa dzina la bwana mmodzi. Ku UK kampani yako ikalandidwa chilolezo, kapena ikakuchotsa, nthawi zambiri umapatsidwa masiku 60 oti upeze bwana wina wololedwa, apo ayi uzipita. Ku Israel, kumene achinyamata 221 oyamba ananyamuka pa ndege mu Novembala 2023 kukagwira ntchito m'minda nkhondo ya ku Gaza itangoyamba, Amalawi 12 anabwezedwa mu 2024 chifukwa anachoka m'mafamu n'kukapezeka akugwira ntchito pa bekare. Iwo ankati malipiro a kumunda sakukwana. Lamulo linangoona kuti achoka kwa bwana wolembedwa pa pepala. Ku Oman alongo athu amene analonjezedwa ntchito zabwino anakapezeka ali antchito a m'nyumba, pasipoti italandidwa, ndipo pansi pa dongosolo la kafala kuchoka panyumbapo popanda chilolezo cha bwana ndi kuthawa. Oposa 50 anapulumutsidwa atalumikizana pa gulu la WhatsApp ngati lathu lomweli.

Khomo nalonso limatsekedwa mmene linatsekedwera mu 1913, mu 1974 ndi mu 1988, popanda kukufunsa. UK inatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala mu 2022, anthu anagulitsa malo ndi magalimoto. Mu Malichi 2024 inaletsa ogwira ntchito imeneyi kupita ndi mabanja awo. Mu Julayi 2025 inasiya kulandira olembedwa kumene kuchokera kunja pa ntchito imeneyi. Ndiye mlongo amene akuuzidwa lero ndi ajenti kuti alipire malo a ntchito yosamalira okalamba ku UK, afunse kaye kuti khomo lake ndi liti.

Chimene chasintha zedi, ndipo chimandiwawa, ndi woti alipire. Nthawi ya Wenela wolemba ntchito ankabwera yekha mpaka kuboma kwanu, n'kulipira ulendo, ndalama ya ukonde n'kubwera pamapeto. Lero ukonde umayamba wagulitsidwa kuti munthu apeze pasipoti, thiransipoti ya ku Lilongwe, malo ogona, dokotala, mayeso, fizi ya viza imene sibwezedwa akakukana, tikiti, ndi dobadoba amene amaima pakati pa zonsezi. Ndikudziwa banja pagombe pathu limene linagulitsa injini ndi nyali zake zonse, n'kuwonjezera katapila, kulipira ajenti wina amene anatumiza kalata ya ntchito yokongola, chidindo chili pompo. Kalatayo inali yopeka. Alovi asanu ndi anayi amene ankadyera pa boti limenelo anabalalika. Ku UK lamulo limaletsa bwana kukulipiritsa ndalama ya Certificate of Sponsorship, ndipo mndandanda wa makampani ololedwa kuitana anthu uli poyera pa intaneti, aliyense angauone pa foni. Ngakhale America, mu Ogasiti 2025, inasankha Malawi ndi Zambia kukhala mayiko oyamba amene nzika zake ziziyamba zasiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 pofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi. Wenela inkasunga ndalama yako kuti ubwerere kwanu, koma inali ndalama yoti waigwirira kale. Awa anafuna chikolecho usanaponde n'komwe.

Wina anena kuti ndiye bola nthawi ya Wenela. Ayi, musandimve choncho. Agogo ankagona pa bedi la simenti m'komponi ya amuna okhaokha, sankatha kudandaula kwa wina aliyense, ndipo ankadinda chala pa mawu amene sanawamve. Inu mumatha kuwerenga. Kontirakiti mungaipemphe musanalipire kanthu, mungaone dzina la bwana, malipiro, zimene azidula za nyumba ndi chakudya, ndi amene adzalipire tikiti yobwerera. Mungakafunse ku ofesi ya zantchito ngati ajentiyo ndi wodziwika. Pofunsidwa pa windo la kazembe, nenani zimene zili pa pepala ndipo pepalalo likhale loona, chifukwa zala zanu zikalowa m'makina sizituluka, ndipo ku UK wopezeka ndi chikalata chabodza angaletsedwe kwa zaka 10. Nthawi ya mapasi a Chipwitikizi munthu ankasintha dzina n'kuyambiranso. Chala sichisintha.

Nkhani ya mapepala a Wenela ndi Theba sinathe mpaka lero. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ma rand 5 biliyoni pakati pa makampani a migodi ya golide ndi anthu amene anadwala chifuwa cha fumbi la miyala ndi TB chifukwa cha ntchitoyo. Ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza amene anagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, kuphatikizapo Amalawi, komanso amasiye awo. Koma amafuna umboni: nambala ya kumgodi, pepala losonyeza mgodi ndi zaka zimene munthu anagwira, ndipo kwa womwalira, pepala la chipatala losonyeza chimene chinamupha. Kwathu kugombe madala ambiri anamwalirira panyumba, akutsokomola, popanda dokotala wolemba kanthu. Mapepala ena anadyedwa ndi chiswe kudenga, ena anapita ndi madzi nyanja itasefukira, ena anakulungira fodya. Ndipo alipo amene anapita pa dzina la mchimwene wawo chifukwa iwo anali atalephera sikelo, moti m'mabuku a ku Joni munthu amene analowa pansi zaka zinayi ndi wina, amene anatsokomola mpaka kufa ndi wina. Ngati kwanu kuli gogo wamkazi amene amasunga kabokosi kachitsulo ka malemu pansi pa bedi, kamupempheni mukatsegule limodzi sabata ino, ndipo chilichonse chokhala ndi nambala muchijambule pa foni.